Nkhondo ya Nkhope Zaulere

Tcherani khutu, inu mibadwo, ndipo inu a mipando yakumbuyo muyambe mwaleka kutafuna, pakuti ndikukamba za masiku oopsa, masiku amene fani ya kudenga la nyumba ya kanema inali itasiya kuzungulira, pamene mitima ya anthu inkalamulidwa ndi mafilimu a zibakera ndi magalimoto ophulika. M'nyengo imeneyo munadzuka ngwazi, Wojambula, Diso Losaphethira, Mgwirazithunzi, iye amene batire linkamuthera nthawi zonse nkhani ikafika pokoma.

Ngwaziyi inali mwana wa mmisiri wometa, mkulu amene anakalambira m'kachipinda ka galasi long'aluka pakona pa msewu. Mkuluyo ankafuna kuti mwana wake adzalowe m'malo mwake, ndipo tsiku limene mwanayo anagula kamera m'malo mwa makina ometera, iwo anangoti kamera sidyetsa munthu, n'kupitiriza kusesa tsitsi. Mawu amenewa anamubaya Wojambula mumtima ndipo sanazuke. N'chifukwa chake anakonza filimu ya zoona zokhazokha, yopanda mfuti ngakhale wofa, yonena za bambo ake, mpando wawo wozungulira, ndi mitu yonse ya mumsewumo imene inadutsa m'manja mwawo. Mkuluyo analola kujambulidwa chifukwa chosowa kothawira, koma zokaonera anati mwina Lamlungu, poti ndi tsiku lokhalo limene amatseka.

Tsono nyumba ya kanemayo inali m'manja mwa alamu ake, mkazi wa achimwene ake, Mlonda wa Kabokosi, Wosabweza Chenje, amene ankalamulira dziko lonse kuchokera pa kazenera ka matikiti. Lamulo lawo linali limodzi ndipo silinkayang'ana nkhope: filimu imene sinalemeretse kabokosi ka ndalama pofika Loweruka imatsitsidwa, ya zibakera n'kubwerera pamalo pake. Pakati pa Loweruka la alamu ndi Lamlungu la bambo panali usiku umodzi wokha, koma kwa Wojambula unali mtsinje wosefukira.

Tsiku loyamba khamu linabwera loti fumbi koboo, ndipo patsogolo pa gulu lankhondolo panali wowotcherera zitsulo, mwamuna wa mawu ngati nyundo. Anaima pa kazenera, manja m'thumba koma osatulutsamo kanthu, nalankhula kuti msewu wonse umve.

"Amayi, kodi zinayamba liti zoti munthu azilipira kuti aone nkhope yake yomwe? Ine ndili m'filimumu. Kunyumba kwanga galasi silinandilipiritsepo."

Atatero analowa. Telala anati khutu lake likuoneka bwinobwino pamene akumeta mnzake, nayenso analowa. Mayi wogulitsa nthochi anati mawu ake akumveka panja akukangana ndi kasitomala. Wina anati njinga yake yatsamira khoma kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo popeza njinga singabwere yokha, wabwera kudzaiimira. Alamu anatukula maso kufuna thandizo, koma Wojambula anali pakhomo, chifuwa chitatupa, akulowetsa anthu ndi manja awiri. Paja pojambula anauza aliyense kuti adzabwere adzadzione, ndipo za tikiti sanazitchule ngakhale kwa mmodzi.

Holo inadzaza mpaka ena anakhala pansi. Mutu uliwonse ukaoneka pa chinsalu, mwini wake ankaimirira kuti anthu afananitse. Filimu itatha, Diso Losaphethira anapita ku kazenera akuyenda ngati wagula msewu wonse.

"Alamu, chimangidwire nyumba ino sinaonepo khamu lotere. Zibakera zagwa. Choonadi chapambana."

Mlonda wa Kabokosi ananyamula kabokosi, n'kukagwedeza pafupi ndi khutu la ngwaziyo, ndipo m'katimo munalira batani limodzi la malaya. Wojambula anayesa kukumbutsa kuti chibale ndi fupa sichiwola.

"Ndi fupa ndithu, alamu," anatero mayiwo, "koma a magetsi salandira mafupa."

Pamenepo nkhondo inabuka. Achimwene, poona kuti mbali ina kuli mkazi, mbali ina kuli mphwawo, anakwera makwerero kuti akakonze fani, ndipo sabata yonseyo ankatsika pokadya pokha. Alamu anatulutsa chipepala cha filimu ya zibakera n'kuchimata pambali pa chithunzi cha mkulu wometa, ndipo tsiku lililonse ankachisendeza pang'ono, moti chibakera cha munthu wa pachipepalacho chinkayandikira mphuno ya bambo. M'mawa uliwonse Wojambula ankachimatula ndi zikhadabo n'kuchibweza kumalire, masana alamu n'kuchibweretsanso ndi guluu watsopano. Khomalo linaona zambiri.

Ngwaziyo inayesanso kuima pakhomo kupempha anthu kuti alipireko, koma wowotcherera zitsulo anati ngati zili choncho awafufute m'filimumo, aone ngati mutsale kanthu. Khamu linkabwerabe, ena kachitatu, atatenganso achibale amene ankati akufanana nawo nkhope. Holo inkasefukira, kabokosi kali pululu.

Loweruka m'mawa chibakera chinali chitaphimba diso limodzi la bambo, ndipo Wojambula anachita mantha enieni. Za ndalama sizinkamuvuta kwenikweni. Chinkamuwawa n'chakuti mkuluyo abwera mawa atavala bwino, n'kupeza anthu akumenyana pa chinsalu, n'kubwerera kwawo atatsimikiza kuti kamera sidyetsadi munthu. Anapita ku kachipinda kometera, nauzungulira mpando kawiri, koma kupempha kunamukanika. Anangoti filimu ija ikutsika lero madzulo. Bambo ake sanatukule mutu, anangouza amene ankamumetayo kuti aweramitse khosi.

Koma dzuwa litapendeka kunachitika chozizwitsa chimene okalamba a mumsewumo anali asanachionepo: kachipinda kometera kanatsekedwa Loweruka, tsiku la mitu yambiri. Mkuluyo anatulukira atavala jekete la kumaukwati, Mwini Lumo, Wopinda Makosi a Amphamvu, ndipo khamu linapatuka. Onse anavomerezana kuti ngati alipo woyenera kulowa ulere ndi iwowa, poti nkhope yawo ndiyo filimu yonse. Ngakhale alamu anatuluka pa kazenera n'kuwatsegulira chitseko ndi manja awo.

Mkuluyo anachidutsa chitsekocho, nakaima pa kazenera, n'kuyala ndalama yawo.

"Mitu yonse ili panoyi ndaimeta ine, ina kuyambira ili ndi liwombo. Palibe ndi mmodzi yemwe anandiuzapo kuti, mutuwu ndi wanga, choncho sindilipira. Mutu ndi wako, inde, koma dzanja ndi la mwini wake. Apongozi, ndipatseni tikiti ndikaone ntchito ya mwana wanga."

Kenaka anatembenuka n'kuliyang'ana khamulo mmodzimmodzi, modekha, ndipo mwamuna aliyense anakumbukira kuti sabata yamawa adzakhala pa mpando uja, khosi lili pamtunda, lumo lili m'manja mwa mkuluyu. Wowotcherera zitsulo ndiye anayamba kupisa m'thumba. Mzere unakhota mpaka pakona, ndipo mwini njinga analipira matikiti awiri.

Mtendere unakhazikitsidwa ndi ulemu wonse. Chipepala cha zibakera chinamatulidwa n'kupindidwa bwino monga mbendera ya adani olimba mtima. Achimwene anatsika pa makwerero n'kulengeza kuti fani ikufunika ina. Alamu ndi mlamu wawo anadyera m'kathumba kamodzi ka mbuliwuli pamaso pa mboni, filimu inapatsidwa sabata ina, ndipo Wosabweza Chenje, mtima utasungunuka, anabweza chenje kwa telala, amene anakana kuilandira poganiza kuti ndi msampha.

Magetsi atayaka, Wojambula anadikira pakhomo. Bambo ake anatuluka pomalizira, akupukuta kumaso ndi kampango. Anati m'galasi la m'filimumo amuona wogwira kamera, ndipo kumbuyo kwa mutu wake n'kochititsa manyazi banja. Abwere Lolemba adzamukonze, ndipo asaiwale ndalama.

"Mawa ndibweranso," anatero akupinda kampango kaja. "Pali pena sindinaone bwino. Fani yanuyi imatulutsa misozi."

Wojambula anayang'ana kudenga. Fani inali chiimire, monga inakhalira chaka chonse.