A Mphuno ndi Mabuku a Lendi

A Mphuno, mkulu wa laibulale ya payunivesite, sankakhulupirira buku asanalinunkhize. Likafika latsopano ankalitsegula pakati, n'kulowetsamo nkhope mpaka magalasi kugwa, kenako n'kulamula kuti lidindidwe. Wachiwiri wawo, mayi wofatsa woyang'anira makompyuta, anapirira zimenezi zaka zambiri.

Tsiku lina mayiyo anawaonetsa magazini a kafukufuku miyandamiyanda amene ophunzira ankawerenga pa intaneti. A Mphuno anawerama n'kununkhiza kompyutayo.

"Fumbi lokhalokha. Ndi athu amenewa?"

"Timalipira chaka ndi chaka kuti tiziwerenga, bambo."

"Ndiye tili pa lendi. Mwini wake akadzadzuka ndi mkwiyo, tidzagwira chiyani?"

Akuluakulu atalamula kuti mabuku akale a m'chipinda chapansi atayidwe, muikidwe makompyuta, a Mphuno anayamba kunenepa. M'mawa ankalowa ali owonda ngati bango, madzulo n'kutuluka ndi mimba ya makona anayi.

"Mwadya chiyani, bambo?" mayi uja anawafunsa pakhomo.

"Mbiri ya zamalamulo, gawo lachitatu. Ikundikhala pamtima."

Anadzaza nyumba yawo ndi mabukuwo mpaka akazi awo ankayenda cham'mbali popita kukhitchini. Mayiyo atawachenjeza za chinyontho, anangoti buku lako likanyowa limanyowa lili lako.

A Mphuno atamwalira, mayiyo anapita ndi galimoto kukatenga mabukuwo. Katoni yoyamba inanyamuka ndi dzanja limodzi. Chiswe chinali chitadya zonse zam'kati, n'kusiya zikuto zokha zitaima mwaulemu. Anakhala pansi pakhonde mpaka akazi a malemu anamubweretsera madzi.

Lero laibulale ndi yoyera, ya zii, ndipo palibenso woseketsa anthu pakauntala. Mwezi watha mtsikana wina wotsala pang'ono kumaliza digiri anabwera kudzadandaula: nkhani imene kafukufuku wake wonse anatsamirapo inali itasowa pa intaneti. Mayiyo atafufuza anapeza kuti kampani yakunja, mwini wa magazini aja, inaichotsa osauza munthu. Kenako kunabwera ena, ngakhale mphunzitsi wa zamankhwala, onse ndi mawu amodzimodzi: "Mayi, dzulo inalipo."

Masiku ano akangomva mpando ukukhuluzidwa kumakompyuta, mapazi n'kulunjika kwa iye, mayiyo amayamba kusanja mapepala osanjidwa kale, kuti achedweko kudzutsa mutu.