Sabata ya Malemu Zefaniya Mbewe

Lolemba

Tete watentha lero, ngakhale mbuzi zakana kuyenda. Komisau yathu, kakomiti kathu kolemba buku, yakumana pansi pa mlambe wa kuseri kwa sukulu, m'dera lathu la Josina Machel. Tilipo atatu: ine mphunzitsi, a Kandulu amene adapuma ntchito ya ukalaliki n'kudzisankha okha kukhala purezidenti, ndi Dona Filomena, amene tidawalowetsa chifukwa makina otayipira ndi awo.

Ntchito yathu ndi buku lalikulu la m'Chinyanja, lofotokoza zonse za chigawo chino kuyambira A mpaka Z. Nkhondo idatha, anzathu akumanga milatho ndi zipatala, ife tikumanga buku. Miyezi yonseyi tikadali pa B.

Lero tadumphira ku M. Kwabwera a Nachisale, mayi wa ku Angoniya wogulitsa mbatatesi pamsika. Amuna awo, Zefaniya Mbewe, anali msilikali woperekeza koluna, mdipiti wa magalimoto uja unkapita ku Zobwe nthawi ya nkhondo. Akuti tsiku lina koluna itawomberedwa, iye adatsalira m'mbuyo akutsitsa anthu m'lole yoyaka moto, ndipo sadabwereko. Funso lawo ndi limodzi: kodi tingamulembe?

Ndayankha kuti inde anzanga asanatsegule pakamwa. Kamwa yangayi!

Lachiwiri

A Kandulu akwiya kuti ndalonjeza ndekha. Abwera ndi malamulo. Ngwazi yoyenera buku ikhale ndi:

— mendulo, kapena pepala lonena za menduloyo;
— dzina m'nyuzipepala, osati kamodzi kokha;
— chithunzi atavala chipewa cha usilikali;
— manda odziwika.

Zefaniya ali ndi chithunzi chokha, cha paukwati, wopanda chipewa, ndipo chiswe chidadya khutu limodzi. Ndawafunsa a Kandulu kuti mtolankhani wake uti amene akadaima pamsewu wa ku Zobwe zipolopolo zikulira. Akuti limenelo si vuto la komisau.

A Nachisale atisiyira mbatatesi kunyumba. Mayi a kunyumba aphika ine ndisanafike. Ndadya, nanga n'kutani.

Lachitatu

Bairo yonse, dera lathu lonseli, yamva kuti tikulemba ngwazi. Ndikutsegula chitseko m'mawa, mzere!

— agogo ena, ndi malaya a mwana wawo ali m'jumbo;
— bambo wina akufuna kulembetsa mlamu wake, amene ali moyo, kungoti akudwaladwala;
— mayi wa Chinyungwe, zonena zake ndangomva theka, koma misozi yake sinafune womasulira.

Ndimayesa nkhaniyi ndi ya munthu mmodzi. Kani nyumba iliyonse ili ndi wake. Ndawauza kuti komisau iganizira, mawu amene ndimadana nawo akamandiuza ena.

Dona Filomena akuti fita ya inki ya m'makina yatsala pang'ono kuuma, ingokwana anthu ochepa, ndipo woyamba akhale bambo awo, amene adamwalira ndi malungo koma akuti adapirira ngati msilikali.

Lachinayi

Msonkhano wamoto. A Kandulu atulukira lamulo lina: popeza tsopano kuli mtendere, tikalemba ngwazi ya mbali ino tilembenso ya mbali inayo, mizere yofanana, kuopa kukhumudwitsana. Ndati Zefaniya potsitsa anthu m'lole muja sankafunsa kuti ndiwe wa mbali iti. Akuti ndikufuna kuyambitsanso nkhondo. Ine! Munthu amene ndidathawa nkhondoyo mpaka ku Dedza nsapato ili phazi limodzi!

Dona Filomena asenza makina awo pamutu n'kumapita. Makina akachoka, komisau imangotsala amuna awiri okalipirana pansi pa mtengo.

Pobwerera ndalambalala msika, ndazungulira ku bairo ya Francisco Manyanga konse kuti ndisakumane ndi a Nachisale. Manyazi okhaokha.

Lachisanu

Kuzemba kwakanika. Andipeza ndili pampopi, ndowa ili m'manja. Ndayamba kufotokoza za mendulo, nyuzipepala, chipewa. Andimvetsera mwaulemu mpaka ndatha mawu.

"Aphunzitsi, za ungwazizo n'zanu," atero. "Ine ndingofuna mulembe kuti adamwalira."

Nkhani yake ndi iyi. Abale a Zefaniya ku Angoniya akukana kumeta maliro, akukananso kuwasudzula mayiwa kuti akhale omasuka. Sangawadzudzule munthu: chibwerere mtendere, anthu ambiri amene tidawalira kale akhala akutulukira, ena kuchokera ku Malawi, ena kutchire, ena ndi akazi atsopano ndi ana omwe. Ndiye akuluakulu akuti tidikire. Zaka zonsezi a Nachisale si mkazi wa munthu, komanso si wamasiye. Pali bambo wina wa golosale, wa ku Mulanje, amene wakhala akudikira mofatsa, koma sangalowe m'nyumba ya mwamuna amene mwina ali m'njira. Mayiwa amaganiza kuti akuluakuluwo akaona mawu osindikizidwa m'buku, avomera.

Ine masiku onsewa kulimbana ndi chipewa! Ndamva chisoni, ndamvanso kupusa.

Loweruka

M'mawa kukafunsa kumene madalaivala a malole amapumira, pafupi ndi mlatho. Mwayi: a Matewere, dalaivala wa ku Mwanza, adali mu koluna yomweyo. Ndawakokera kwa a Kandulu ndili wonyada.

Tsoka lake, munthuyu nkhani amaithira mchere wambiri. Poyamba Zefaniya adatsitsa banja limodzi. Atamwa maheu, idakhala lole yonse. Kapu yachiwiri, adanyamulanso ng'ombe paphewa, iwo a Matewere akumuunikira njira. Ndawaponda phazi, osamva.

A Kandulu agamula kuti mawu apakamwa si umboni, makamaka pakamwa pamene patuluka ng'ombe. Tavota: mmodzi uku, mmodzi uko, koma akuti voti ya purezidenti imalemera. Zefaniya Mbewe sakulowa m'buku.

Njira yobwerera imadutsa pamsika, ndipo lero, ndili ndi a Matewere, sindinazungulire. A Nachisale sanafunse za voti. Afunsa a Matewere funso limodzi, ngati adaona ndi maso kuti adamwalira. Munthu amene walongolola tsiku lonse uja wavula kapusi.

"Mayi, ndidamutseka maso ndine," atero. "Tidamukwirira pansi pa mtengo wa tsanya, ine ndi anzanga, ndi fosholo ya pagalimoto. Malowo ndikuwadziwa."

Pamenepo sanawonjezepo kanthu.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Ndaperekeza a Nachisale ndi a Matewere pokwerera shapa, minibasi ya ku Angoniya. A Matewere avala tayi kutentha konseku. Akuti akuluakulu akumudzi pepala alibe nalo ntchito, amafuna munthu amene adagwira dothi ndi manja ake akhale pamphasa, anene pamaso pawo. Katundu wa bwana wawo adikire.

Za buku:

— a Kandulu sakundilankhula;
— makina atsekeredwa m'kabati;
— tikadali pa B. Mwina zidzukulu zidzafika pa M.

Ndayesa kupepesa kwa a Nachisale kuti dzina silinalowe. Sindikuganiza kuti andimva. Maso atupa, akuti chiyambire dzulo akungolira, ndipo n'koyamba kulira mwamuna wawo osachita mantha kuti akumutemberera. Ndawauza kuti basi, amasuka tsopano.

"Ine ndamasuka, aphunzitsi," atero. "Koma apongozi anga amamusungirabe mbale yake. Lero tikukawaphera mwana."

Ndangowakwezera kathumba kawo. Shapa yanyamuka, ndabwerera wapansi dzuwa likuswa mtengo, ndipo lero sindilemba china chilichonse.