Mutu Wometa Mbali Imodzi

Ngati alipo pa Boma la Lundazi amene akukumbukira mphunzitsi woyenda ndi chipewa chaubweya dzuwa likuswa mtengo, ameneyo ndinali ine. Asekenso, palibe kanthu.

Mkazi wanga anamwalira mvula itangoyamba. Za zimenezo sindinena zambiri. Akwawo ku Chikomeni anati ndisamete tsitsi kapena ndevu mpaka chimanga chitalowa m'nkhokwe, pamene tidzamete maliro. Ndinavomera ndi mtima wonse.

Chimanga chili pa ngaiyaye, yunivesite ina ya ku Ulaya inandipatsa malo ndi thandizo lonse la maphunziro. Amene ankandikakamiza kufunsira malowo anali malemuyo. Ofesi ya yunivesiteyo yoona za ophunzira ochokera kunja inkafuna zithunzi zanga msanga, ndipo ine ndinkaopa kuti ndikachedwa malo apita kwa wina.

Nditapita kukajambulitsa, wojambula anandiyang'ana n'kutsitsa kamera. "Aticha, ndi mutu uwu azungu adzati mwatuluka m'thengo."

Apa ndinaganiza ngati munthu wa ku koleji (ndiye kuti ndinapusa mwadongosolo): kuchepetsa pang'ono si kumeta. Ndinakakhala pa mpando wa wometa pakhonde la sitolo.

"Pang'ono chabe, pamwamba," ndinatero.

Makina analima msewu kuchokera pa khutu mpaka pa liwombo. Mkuluyo anali ataiwala kuikako kachipeso.

"Musadandaule aticha, tilinganiza."

Analinganizadi mbali ya kumanzere mpaka kuwala. Kenako magetsi anathima.

Nthawi yomweyo alamu anga, mchimwene wa malemu, anatulukira akukankha njinga, apongozi ali pambuyo. Apongozi anapatuka monga mwa mwambo n'kuyang'ana kukhoma (koma maso a apongozi amaona ngakhale kunkhongo). Ananong'oneza mwana wawo, iye n'kubwera.

"Muli uli, alamu? Amama akufunsa ngati chimanga chanu chauma kale mbali imodzi."

Ndikanapepesa pomwepo. M'malo mwake ndinaimirira, nsalu ya wometa ili m'khosi. "Auzeni kuti ndikupita kusukulu imene mwana wawo anandisankhira."

Wometa anayamba kupukuta makina ozima. Kenako alamu anayankha.

"Pitani. Koma mbali yatsalayo ndi yathu."

Magetsi atayaka wometa anakana kundikhudza. Anati za maliro a eni ake salowerera, ngati kuti sanali atalowerera kale mpaka pa liwombo. Wojambula naye anangotseka chitseko.

Mawa lake ndinapita ku positi kukaimba foni ku ofesi ija. Foni inkamveka patali, choncho ndinafuula m'Chingerezi, mzere wonse wa ogula masitampa ukumvetsera, kuti ndili ndi theka la tsitsi. Mayi wa ku ofesiyo anandifunsa kuti ndibwereze. Ndinabwereza, ndi mwambo womwe. Anayamba wandipepesa za maliro. Kenako anati malo andisungira, zithunzi ndidzatumize mwambo ukatha, ndipo tsitsi lalitali silikanawavuta n'komwe. Anatinso ali ndi munthu wocheza ndi ophunzira oferedwa, ngati ndingadzafune.

"Mukanangotiuza," anatero.

Chiyambire maliro, palibe amene anandifunsa chimene ndikufuna. Foni itaduka ndinakokera chipewa m'maso n'kutuluka.

Ndinaphunzitsa choncho mpaka kukolola. Ana a sukulu anandipatsa dzina limene sindilemba pano. Tsiku la mwambo, akuluakulu a kuchikazi anati ndili ndi milandu iwiri: kumeta nthawi isanakwane, ndi kuganiza za ulendo misozi isanaume. Wa tsitsi ndinauvomera, nkhuku ya chindapusa ndinapereka. Wa ulendo ndinati ayi, ndipo ndinanena ndili chogwada kuti asati ndi mwano.

Akuti phunziro lake n'lakuti munthu azifunsa asanakhale pa mpando wa wometa. Limenelo ndinalimva. Koma ndege ndinakwera, ndipo nkhuku yachiwiri akuiyembekezerabe ku Chikomeni.