Mawaya pa Chifuwa cha Amuna Anga

Nkhani iyi ndinalumbira kuti sindidzauza munthu, koma poti anzanga a ku esiteti akuikamba kale mokhotetsa, bola ndiinene ndekha.

Amuna anga, bambo a Joyisi, amanyamula katundu wa alendo okwera phiri, kuchokera pa Likhubula mpaka ku Chambe. Ine ndimathyola tiyi. Tsiku lina potsika anachita chizungulire, ndipo kuchipatala a dokotala anati akawayeze mtima ndi makina. Ndinalowa nawo m'chipinda choyezera (ndinkati ndikukawalimbitsa mtima, koma zoona zake sindikhulupirira malo aliwonse amene mwamuna amavula malaya).

Amene anatilandira anali nesi wachitsikana, wa mano oyera mbee, wonunkhira mafuta a m'tauni. Anawagoneka chagada n'kuyamba kuwamata timawaya pachifuwa, m'mikono ndi m'miyendo. Uku akumata, ankafotokoza kuti mtima uli ndi timagetsi take timene timaugunditsa, ndipo makinawo amangomvetsera n'kujambula mizere. Anawonjezera kuti anthu okwera mapiri amakhala ndi mtima wamphamvu, wogunda mofatsa. Ine pa zonsezo ndinangotolapo mawu akuti wamphamvu.

Pagalasi la makinawo panali nambala yosonyeza mmene mtima ukugundira. Ndinaiyang'anitsitsa. Nesi akasuntha, inkatsika. Akawerama n'kugwira waya pachifuwa paja, inkakwera. Zinachitika katatu ine ndikuona. Munthu amene ine ndikamafika ndi ndowa pamutu sadzuka n'komwe pamkeka, lero mtima wake ukuthamanga ngati kabaza wa ku Muloza pamtsetse.

Nesi atatuluka kukatenga pepala la makinawo, ndinamatula timawaya tonse n'kumatanso ndekha, kuti tione ngati dzanja langa nalo lingakweze nambala. Sinakwere. M'malo mwake mizere inayamba kudumphadumpha, makina n'kuyamba kulira. Nesi anabwera chothamanga ndi a dokotala, n'kupeza waya wa pachifuwa uli pamchombo, wa kumwendo uli kukhwapa.

A dokotala anafunsa mofatsa kuti wachita zimenezi ndani. Ine ndinayankha ndi funso langa.

"Nanga n'chifukwa chiyani mtima wawo ukumathamanga awa akangowagwira?"

Kenako amuna anga anayankhula, maso ali kudenga.

"Mayi a Joyisi, awa anatchula magetsi. Ine chindigwirireni magetsi pa ayironi ya malume anu ija, waya sindimukhulupirira. Akamagwira ndimangoti basi, apa ndapsa."

Nesi anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. A dokotala, osaseka, anandifotokozera kuti mitsempha yochokera ku ubongo ndi imene imauza mtima kuti ufulumire kapena ufatse, ndipo kaya ndi mantha, kaya mkwiyo, kaya chikondi, mtima umangothamanga chimodzimodzi. Atawayezanso amuna anga anati alibe vuto, kungoti sankamwa madzi okwanira pokwera. Ndiye a dokotalawo anagwira mkono wanga, maso ali pa wotchi, n'kunena kuti amene akuyenera kugona pabedipo ndine.

Ndinagona, nesi yemweyo n'kundimata timawaya (ndivomereze, manja ake anali ofewadi, ndipo zinandiwawa). Amuna anga anaima pambali atanyamula chikwama changa. Nambala yanga inaposa yawo kutalitali. Nesi anati ndipume pang'onopang'ono, ndiziganiza zabwino. Ndinaganiza za chinangwa changa cha kumunda, nambala n'kuyamba kutsika bwinobwino. Pomwepo bambo a Joyisi anatsegula pakamwa.

"Zikomo a nesi, muli ndi dzanja labwino."

Makina analiranso.

Anatitulutsa masana, ine atandipatsa pepala la mizere yanga ndi malangizo oti ndichepetse kupsa mtima. Ndikuyesetsa ndithu. Koma mwezi watha bambo a Joyisi atanena kuti akufuna kukayezetsanso, ndinawauza kuti adikire kaye, ndiyambe ndapita ndekha ndikaone amene ali pa ntchito sabata imeneyo.