Maliro a pa Imelo

Lolemba

Kuzizira kwa Juni kwafika m'mafupa, koma mtima uli myaa. Ndabwerako ku maphunziro a utsogoleri ku Lilongwe, mutu wadzaza nzeru. Lachisanu abwana aakulu a bungwe lathu la alimi a kachewere agamula: ndikhazikike pa mpando wa mkulu wa gulu loteteza makompyuta, kapena ndibwerere kokonza mapulinta. Kumapulinta ayi, Ambuye! Inki inanditha malaya.

Gulu langalo ndi ili:
- ine
- a Kamwendo, amene anayamba ntchito nthawi ya mataipi
- mayi Nangozo, akakhala kuti sali kusikelo ndi mwana

Pulani: titumiza imelo yabodza kwa antchito onse, kuno kuboma, ku Mayani ndi ku Kaphuka. Amene adine linki ndiye kuti mbava za pa intaneti zikanamubera pasiwedi. Tiona odinawo, tiwaphunzitsa, abwana aona okha kuti ndili ndi masomphenya!

Lachiwiri

Ku Lilongwe anati mtsogoleri weniweni sagwira zonse yekha, amakhulupirira anthu ake. Mutu umodzi susenza denga. Ndiye ndikuwauza a Kamwendo kuti alembe okha imeloyo, ikhale yoti munthu wa ku Dedza kuno sangaidumphe.

Alemba. Akufuna kundionetsa. Ndikukana, manja ali m'thumba ngati mphunzitsi wa ku Lilongwe uja: "Ndimakukhulupirirani."

A Kamwendo: "Chiyambire ntchito, bwana, palibe anandiuzapo mawu amenewa." Misozi ikulengeza m'maso mwawo. Utsogoleri ndi wokoma!

Lachitatu

Imelo yapita m'mawa. Pofika nkhomaliro onse adina. Onse! Ngakhale mlonda, amene alibe kompyuta, wadinira pafoni ya mnzake.

Anthu akulowa muofesi mwanga mmodzimmodzi, nkhope pansi, kundipatsa moni ndi manja awiri, n'kutuluka osanena kanthu. Ndikuti ndi manyazi, phunziro lalowa. Kenako ndikutsegula imelo ija kuti ndiione nane.

"Kwagwa zovuta ku Lobi. Apongozi aakazi a bwana wa makompyuta atisiya. Dinani apa muone dongosolo la maliro."

Apongozi anga! Mayi ake a mkazi wanga! Ali moyo, amalima kuposa ine!

Zifukwa za a Kamwendo:
- uthenga wa maliro wokha ndi umene munthu sadumpha
- kupha wachibale wa abwana aakulu ukanakhala mwano
- kuseri kwa phiri kuja netiweki kulibe, "gogowo sakamva n'komwe"

Ndikuimbira mkazi wanga. Foni siikupezeka. Oyandikana nafe akuti amayi akumpingo amufikira ndi uthengawo, wakwera njinga yamoto akulira.

Lachinayi

Ndatumiza imelo yachiwiri: zinali zoyesa chabe, apongozi ali moyo. Palibe watsegula. Atsegula bwanji ali pa lole?

Lole ya bungwe yanyamula:
- ufa, nkhuni, kabichi
- kachewere, ndithu
- kwaya ya kumpingo kwathu, yunifomu yosita
- mayi Nangozo, amene akudziwa bwino lomwe kuti ndi bodza, koma akuti, "Anthu akaona kuti sindinapite aziti chiyani?"

Galimoto ya abwana aakulu ili patsogolo. Ndikuima pageti kukuwa kuti ali moyo, ali moyo! Dalaivala wa lole akupukusa mutu mwachifundo: "Chisoni chimatero, bwana. Kwerani."

Sindikukwera. Ofesi yonse yasiyidwa pululu, makompyuta osazimitsa, maimelo ali poyera ngati tomato pamsika. Ku Lilongwe anati mtsogoleri sachoka pamalo pake nthawi ya mavuto. Ndikuyenda tebulo ndi tebulo, kuzimitsa, kutseka, ndekhandekha. A Kamwendo sanabwere, akuti m'mimba.

Madzulo mayi Nangozo akuimba foni atakwera pachulu. Akuti lole yalowa m'mudzi kwaya ikuimba nyimbo ya maliro, apeza apongozi pabwalo akupuntha nyemba. Amayi ena akwaya athawira kumunda, kuyesa mzukwa. Apongozi aika ndodo pansi, amanga bwino chitenje, n'kufunsa kuti, "Watisiya ndani?"

Ndikufuna nthaka ingondimeza.

Lachisanu

Msonkhano. Ndakonza zoonetsa pakhoma, zamitundumitundu. Magetsi azima.

Abwana aakulu maso ali psuu ndi fumbi la ku Lobi. Iwonso anadina, koma zimenezo sitikuzikamba. Akuti chiyambire bungwe lino sanaonepo imelo yowerengedwa ndi munthu aliyense. Maimelo awo anthu sawerenga, ngakhale olengeza tchuthi.

"Walemba ndani?"

A Kamwendo akukweza mkono mwaulemu, m'mimba mwapola.

"Nanga inu munachitapo chiyani?"

"Ndinawakhulupirira, bwana."

Ndikuyesa kunena kuti cholinga chinali choti anthu asadine. Abwana akuti nanga munthu wosadina uthenga wa maliro ndi munthu wanji, tingamusunge m'bungwe muno?

Mpando wapita kwa a Kamwendo. Ine akuti pulinta ya ku Mayani yatafuna pepala, ndikayambire kumeneko Lolemba. Zandiwawa. Ndikulemba pano kuti zandiwawa, poti palibe wina womuuza.

Loweruka

Mkazi wanga sanabwere. Watuma wanjinga yamoto kudzanena kuti ngati ndikumufuna ndikamutenge ndekha, pamaso pa mayi ake.

A Kamwendo aimba foni, akunditchulabe bwana. Akufunsa kuti pasiwedi amasintha bwanji. Yawo ndi dzina la ng'ombe yawo, ofesi yonse imaidziwa. Ndawafotokozera. Nditani?

Zogula za mawa:
- shuga
- buledi
- chitenje, koma chisakhale chakuda!

Kodi munthu amene wamupha umamutengera chiyani? Ku Lilongwe sanatiphunzitse.

Lamulungu

Lobi. Ndakhala kumapeto kwa khonde, mawondo pamodzi, chipewa m'manja. Nkhuni za maliro zaunjikidwa kuseri kwa nyumba. Apongozi akana kubweza, akuti zidzagwira ntchito tsiku lake likadzafika.

Ndafotokoza zonse: mbava za pa intaneti, linki, pasiwedi, masomphenya. Amvetsera mpaka pamapeto, akusankha nyemba m'lichero. Sakundiyang'ana. Mkamwini salankhulidwa maso ndi maso, ndiye akuuza mwana wawo kuti ine ndimve.

"Zoti anandipha sindikudandaula ayi. Ndi angati amaona ndi maso awo anthu odzawaika? Ine ndaona. Akwaya abwera. Abwana awo abwera, alira ndithu. Mlonda yemwe wabwera. Iwe, tawafunsa amuna akowa, iwo anali kuti?"

Mkazi wanga akutembenuka, akudikira.

Ndikutsegula pakamwa kuti ndinene za makompyuta. Ndikutsekanso.

Minibasi yobwerera kuboma ndakwera ndekha.