Sabata Yopanda "Inu"

Lolemba

Tafika pa Mponela. Tikugona panyumba ina ya alendo kuseri kwa msika, ine ndi ophunzira anga a digiri yachiwiri ya ntchito zosamalira anthu. Phunziro lake: kusiyana kwa anthu ndi kuponderezana. Mphunzitsi wake: ine, munthu wa nzeru zatsopano.

Nzeru ya sabata ino ndi yakuti kuponderezana kumayambira pa lilime. Choncho mpaka Lamulungu:

- palibe "inu"
- palibe "a Dokotala"
- palibe kupinda maondo pondipatsa pepala
- aliyense ndi "iwe", ngakhale ineyo!

Chifukwa chenicheni ndi a Asiyatu. Ndi mayi wamkulu kuposa ine, kwawo ndi konkuno, ndipo agwira ntchito ya ana amasiye zaka zambiri. Teremu yonse sanalankhulepo m'kalasi kupatula moni. Malikisi a kulankhula alibe. Akapanda kutsegula pakamwa sabata ino alephera phunziro langa, ndipo kuntchito kwawo sadzawapatsanso tchuthi cha sukulu. Zikundidetsa nkhawa, kunena zoona. Koma matenda ndawapeza: akuopa udindo wanga. Ndikauvula udindowo, mawu atuluka okha.

Ndalengeza lamulo. Onse pamodzi: "Tamva, a Dokotala."

Ndi tsiku loyamba, palibe kanthu.

Lachiwiri

Kukuzizira koopsa. Yamikani, yemwe pakamwa pake sipaphwa, wandipeza pampopi: "Iwe a Dokotala, mwadzuka bwanji?"

Theka lalowa.

Pofika nthawi ya tiyi onse akundilankhula m'Chingerezi. Ndanyadira kaye, kenako ndazindikira. M'Chingerezi liwu la "iwe" ndi la "inu" ndi limodzi, kaya ukulankhula ndi abusa kaya ndi mbuzi. Andizembera! Ndaletsa Chingerezi.

Tsopano sakundilankhulanso. Tadala, yemwe kale anali namwino, wayang'ana khoma n'kufunsa, "Kodi pali munthu amene akufuna shuga?" Munthuyo ndine. Ndalandira shuga.

A Asiyatu lero ngakhale moni sanandipatse. Angoweramitsa mutu n'kudutsa. Mawu okhawo amene ndinkawamva kwa iwo ndawachotsa ndi dzanja langa.

Lachitatu

Masewero amene ndinawawerenga m'buku: onse aime pamzere umodzi, ine ndizifunsa, amene anali ndi mwayi pa moyo azisendera kutsogolo. Malo: bwalo lina cha ku Mtengowanthenga. Buku silinanene kuti bwalolo likhale lopanda chitsetsereko.

Ndaima nawo pamzere, paja tonse ndife ofanana.

Amene anakula akuvala nsapato, kutsogolo! Ndasendera. Amene bambo ake anali pantchito ya boma! Ndasendera. Amene sanagonepo ndi njala! Ndasendera. Amene anawerengera mayeso pa magetsi! Apa miyendo yayamba kupita yokha. Potembenuka, ophunzira anga ali pamwamba paphiri, ang'onoang'ono, ine ndili m'dimba la eni.

Mwini dimba: "Inu a jekete, mukupondatu mpiru wanga!"

Phunziro la kuponderezana, woponda n'kukhala mphunzitsi.

Pofuna kukonza tsiku ndagulira aliyense kanyenya pamsewu. Wankhumba. A Asiyatu ndi Msilamu. Mpango uli kumutu kwawo teremu yonse, ndipo za zipembedzo ndinaphunzitsa ndekha, ndi zithunzi zomwe. Adya sikono ndi tiyi, patali.

Ndapita kukapepesa. Mwa lamulo langa ndiyenera kunena kuti "pepa". Kwa mayi wa msinkhu wa achemwali anga aakulu! Ndafika pamaso pawo, ndati "Pep..." n'kutsokomola. Andipatsa madzi.

Lachinayi

Kumudzi wa ku Madisi kumene tinayenera kukacheza mawa kwagwa maliro. Ndaimba mafoni tsiku lonse. Mudzi wokhawo umene ungalandire gulu mwadzidzidzi ndi wa kumapiri a Ntchisi, kumene ndinakwatira.

Mayi a kunyumba pafoni: "Mukafika kumeneko, nzeru za kusukuluzo muzisiye m'galimoto."

Zimene ophunzira sakudziwa:

- kumeneko sindine Dokotala, ndine mkamwini
- apongozi anga a Naphiri sindinawayang'anepo m'maso chikwatirireni
- sindidya pamene iwo ali
- tikakumana panjira, wolowa patchire ndine

Ndawafotokozera za msewu ndi za kuzizira basi. Ndafunsanso gulu lonse kuti, "Kodi mwambo ungapondereze munthu?" Ndayankha ndekha, ndipo ndayankha bwino kwambiri.

A Asiyatu: palibe liwu. Masiku akutha.

Lachisanu

Ha! Ndilembe chiyani?

Msewu wa miyala, minibasi ikulira ngati ikufuna kubwerera. Tafika kumudzi anthu akutong'ola chimanga. Atulutsa mipando ya abambo, mphasa ya amayi. Mwayi wophunzitsa uwu! Ndakana mpando, ndakhala pamphasa. Alamu anga andinong'oneza: "Kodi msana uja wayambanso?" Amayi a m'mudzi asamuka pamphasapo mmodzimmodzi, akakhala padothi. Ndamasula amayi, tsopano ali pafumbi.

Ndili mkati mofotokoza kuti munthu asamaope munthu mnzake, ndaona chitenje cha apongozi chikutulukira kunjira ya kuchitsime. Sindikudziwa kuti ndadzuka bwanji. Ndangozindikira ndili kuseri kwa nkhokwe, nditanjuta, nkhuku ikundiyang'ana.

Ndipo nthawi yomweyo, pamaso pa mudzi wonse, Yamikani wasankha kumvera lamulo langa bwinobwino kwa nthawi yoyamba: "Iwe! Tuluka kuseri kwa nkhokweko, tikukudikira!"

Ngakhale otong'ola chimanga asiya.

Mawu a apongozi, ofatsa, akufunsa alamu anga: "Paja munati kusukuluko amaphunzitsa? Kapena amangosesa?"

Ndatuluka iwo atalowa m'nyumba. Ophunzira onse akulemba mwachangu, a Asiyatu omwe. Mapewa awo akugwedezeka. Ndikufuna kukhulupirira kuti ndi kuzizira.

Loweruka

Zokambirana zomaliza, m'chipinda chodyera. Ndilibe tulo, ndilibe ulemu, ndilibe nzeru ina. Ndafunsa funso limodzi: kuponderezana kumene mwakuona sabata ino ndi kotani? Kenako ndakhala chete, osati chifukwa cha luso koma kutopa.

Wina akutsuka makapu kukhitchini.

Dzanja lakwera. A Asiyatu!

"A Dokotala, ndi kwanu."

Ndaseka pang'ono, ndekha.

"Mwatilanda 'inu' osatifunsa. Ine 'inu' sindipatsa munthu chifukwa cha mantha ayi. Ndi wanga, ndimapatsa amene ndafuna. Ngakhale mwana wamasiye akabwera ku ofesi ali ndi manyazi, ndimamuti 'khalani apa', ndipo amawongoka."

Ndafunsa: nanga teremu yonse bwanji osalankhula?

"Mukafunsa funso mumayankha nokha ine ndisanameze malovu."

Apa ndatsegula pakamwa kuti ndifotokoze. Tadala, osayang'ananso khoma: "Iwe, dikira amalize."

Ndadikira. Sanamalize msanga. Alankhula za mphasa, kuti amayi aja sindinawafunse ngati akufuna mlendo pakati pawo. Za akamwini, amene amalima munda umene sudzakhala wawo. Za akazi a kwina, amene mwamuna akamwalira amatuluka m'nyumba ndi chidebe chokha. Za mmene anthu amamutchulira munthu wa mpango pamzere wa kuchipatala. Za kanyenya anena pang'ono chabe, Mulungu awadalitse. Ena alowererapo, atsutsana, Yamikani wagonja kawiri. Tiyi wazizira m'makapu.

Kalasi yabwino kuposa zonse zimene ndaphunzitsapo, ndipo ine ndanenamo mawu osakwana dzanja limodzi. Ndasangalala. Zandiwawanso kwambiri.

Lamulungu

A Asiyatu akhoza, malikisi apamwamba. Chitsanzo chawo chachikulu cha wopondereza: amene akupereka malikisiwo.

Lamulo ndalichotsa. Onse abwerera pa "inu" mosavuta ngati munthu wovala nsapato zake zakale, kupatula Yamikani, amene "iwe" wamukomera. Ndimupirira mpaka Disembala.

Uthenga wochokera ku Ntchisi, kudzera kwa mayi a kunyumba: apongozi akuti ntchito yosesa si yochititsa manyazi, ndisamabise.

Minibasi yaima pa golosale ya achimwene awo a Asiyatu kuti atsike. Ndawathandiza kutsitsa chikwama. Tili awiri pambali pa msewu, malole akudutsa, ndalimba mtima: "Amayi, m'kuona kwanu, phunziro limeneli ndiyenera kuliphunzitsanso chaka chamawa?"

Yankho ndili nalo kale, labwino, la mfundo zitatu. Ndaluma lilime. Ndadikira. Dalaivala waimba hutala. Ndadikirabe.

Akonza mpango wawo, ayang'ana kumapiri, ayang'ana nsapato zanga zimene zidakali ndi matope a m'dimba.

"Ndikaganize kaye, a Dokotala."

Ndakwera minibasi. Ndakhala kumbuyo, pa thumba la mbatata la Tadala, ndipo palibe amene wandipatsa mpando wakutsogolo.