Anthu 22 Pofika Loweruka

Lolemba

Komiti ya sukulu yalankhula mosapsatira: bwalo ndi limodzi, ndipo anyamata a mpira wa miyendo akulifuna masiku onse. Kalabu yathu ya hoke, mpira womenya ndi ndodo, ikalephera kuonetsa matimu awiri athunthu Loweruka lino, tichokepo. Matimu awiri ndiye kuti anthu 22. Tilipo 13, kuphatikiza ine ndi bondo langa lovutali.

Sindikuopa. Chaka chatha tinayamba anthu atatu, ndi ndodo ziwiri zomwe ndinabwera nazo kuchokera kukoleji.

Zofunika:
anthu ena asanu ndi anayi
ndodo khumi (kalipentala Msukwa walonjeza Lachitatu)
phulusa lolembera mizere
wezulo wina, wakaleyu akulira ngati mwanapiye

Zitheka!

Lachiwiri

Ndamata mapepala pamsika ndi pasiteji ya minibasi. Ndajambulapo munthu atawerama, ndodo ili m'manja. Masana mayi wina wandipeza kusukulu, akufunsa ngati ndife a bungwe logawa makasu. Ndikuwafotokozera za hoke theka la ola lathunthu. Akumvetsera mwaulemu, akugwedeza mutu. Pomaliza akundithokoza m'Chitumbuka: "Yewo asambizgi. Koma makasuwo abwera liti?"

Olembetsa atsopano: awiri. Tafika 15.

Lachitatu

Ndodo zafika. Ndinamusiyira Msukwa chitsanzo, koma akuti anaona kuti mutu wake ndi waufupi, ndiye wawonjezerako mwa nzeru zake. Zisanu zikuoneka ngati ndodo za nkhalamba, zinayi ngati mipini, imodzi sindikudziwa kuti ndi chiyani. Kulemera kwake! "Izi sizingathyoke," akutero monyadira. Sakunama. Lusekelo, kaputeni wathu, wayesa imodzi. Mpira wauluka mpaka kuseri kwa tchalitchi, nthawi yonse yoyeserera yathera kuusakasaka m'chinangwa.

Komabe zikumenya. Kwa ine kumeneko ndi kupita patsogolo.

Lachinayi

Foni yochokera kwa Nyagondwe, goloboyi wathu. Mpunga wacha ku Wovwe, mayi ake akufuna owathandiza. Wapita ndi ang'ono ake awiri, watenganso msuweni wake amene amatitchingira kumbuyo. Anthu anayi atha pa foni imodzi. Ndikumufunsa ngati mpungawo sungadikire mpaka Lolemba. Akuseka: "Mukaziuze mbalame zimenezo."

Tatsala 11. Timu yathunthu, yopanda mnzake wosewera naye.

Oti ndiwayese: aphunzitsi anzanga, akwaya.

Lachisanu

Aphunzitsi: wina msana, wina chinkhoswe cha mphwake. Ahedi akuti abwera ndithu, kudzawomba m'manja. Akwaya avomera asanu ndi mmodzi, bola asathamange kwambiri, mawu angaphwe. 17! Asanu otsalawo ndiwagwira pamsewu mawa.

Ine ndi Lusekelo tathira mizere dzuwa lili paliwombo, thukuta mpaka m'nsapato. Yawongoka bwino zedi. Tikungomaliza, ng'ombe za a Mwangonde nazo zafika, zikudutsa pakati penipeni, mosafulumira, ngati zikuyendera ntchito yathu. Zasiyaponso mizere yawo.

Loweruka

Akwaya onse atengedwa pa lole, akukaimba pa ukwati ku Uraha. Mwa atsopano aja wabwera mmodzi. Tilipo khumi. Pamsewu ndagwira munthu mmodzi, koma amangofunsa njira ya kuchipatala.

Wapampando wa komiti wakhala pansi pa mtengo wa mango, akutiwerenga ndi chala. Kawiri.

Tasewera basi, asanu uku asanu uko. Ndipo tasewera! Atupele, watsopanoyo, amene amagulitsa nthochi pasiteji, wamwetsa zigoli zitatu ali chosavala nsapato. Akabaza aimika njinga m'mphepete, akukuwira timu iliyonse imene ili ndi mpira.

Chigamulo: bwalo lapita kwa a mpira wa miyendo. Wapampando akuti masewerawo amukomera, koma khumi ndi khumi.

Ndikumanga ndodo pamodzi, ndili wokhumudwa, bambo wina wovala mkanjo wandiyandikira. Ndi Che Jafali, a ku Mangochi, eni chigayo cha mpunga. Akuti mpira wathu ukuwamvetsa chisoni, udzu ukuupunthwitsa. Kuseri kwa chigayo ali ndi simenti yoyanikapo mpunga, ndipo akaanula 4 koloko malowo amangokhala. Malamulo awo ndi awiri: tizisesa tokha, komanso mwana wawo wamkazi alowe mu timu.

Ndavomera asanamalize kulankhula.

Lamulungu

Ndapita kukaona potuluka m'tchalitchi. Malo ake ndi ochepa: ndayenda masitepe makumi atatu, ndagunda khoma. Mbali inayo kuli mulu wa mankhusu. Nkhuku ndi zambirimbiri, ndipo zikuoneka kuti malowa ndi awo kuyambira kale.

Chabwino. Bwalo lapita, lapita. Tizisewera asanu asanu, ngati anthu osauka abale.

Ndisanachoke ndagubuduza mpira pasimentipo, pang'ono chabe. Wayenda wokha mpaka kukhoma, osadumpha ngakhale kamodzi. Chaka chonsechi sindinauonepo ukuyenda chonchi. Ndaugubuduzanso kasanu, mlonda akundiyang'ana.

Ndatumiza uthenga kwa onse: mawa 4 koloko, kuseri kwa chigayo. Aliyense abwere ndi tsache.